Ndapukwa Mawu a ku Mwami

Ku Mwami munthu umamudziwa asanaonekere. Mayi akamachokera kudimba, mawu ake ndiwo amayamba kufika pakhomo, mwini wake n'kumabwera pambuyo ndi mtolo wa mpiru pamutu. Moni amaperekedwa munthu ali tsidya la munda, ndipo wopatsidwa moniyo amafotokoza zonse, za ana, za mbuzi, za wodwala amene ali kuchipatala, khasu lili m'manja. Mwana wochedwa kuchitsime amaitanidwa dzina lake likukokedwa mpaka likamveke kuphiri. Pachipata cha m'malire, pomwe msewu wa ku Chipata umalowera ku Mchinji, anyamata osintha ndalama amaitanira kwacha ya uku ndi ya uko, a njinga akuliza mabelu, amayi akutsatsa nthochi ndi nsawa zokazinga. Ndinakulira m'phokoso limeneli, ndipo ndinkaliyesa chinthu chopezeka paliponse pamene pali anthu.

Tsopano ndimakhala ku Leeds, kumpoto kwa England, kumene anthu amalankhula motsitsa. Basi imadzaza koma mumangomveka injini. Mnansi wa khomo loyandikana ndi langa ndimamuzindikira ndi kulira kwa kiyi pachitseko chake. M'mwezi wa December mdima umagwa cha m'ma 4 koloko masana, mazenera onse n'kutsekedwa, msewu n'kungoti zii. Nthawi yomweyo kwathu mvula yagwa, achule akusokosa m'madambo, ana akukuwa pothamangira inswa. Ufa wa nsima ndimaupeza m'masitolo, zithunzi za kumudzi zimafika pafoni. Pamene apulezidenti Hakainde Hichilema ndi Lazarus Chakwera anatsegula nyumba zatsopano za pachipata cha Mwami ndi Mchinji mu December 2022, zithunzi zake ndinaziona tsiku lomwelo. Ndinaziyang'ana nthawi yaitali, koma chithunzi sichiitanira malonda, sichipereka moni.

Ntchito imene ndimagwira ndiyo imakolezera kupukwa kwangaku. Ndine namwino m'wodi ya odwala makutu, mphuno ndi pakhosi, ndipo tsiku silipita osaona malo amene mawu amabadwira. Dokotala amalowetsa kachingwe kofewa kokhala ndi kamera m'mphuno mwa wodwala n'kukatsitsira kuseri kwa lilime, ndipo pakompyuta pamaoneka kholingo, lonyowa, lofiirira, likutseguka ndi kutsekeka. Wodwalayo akauzidwa kuti anene "iii", timinofu tiwiri toyererako timakumana pakati n'kuyamba kunjenjemera. Anzanga amayang'ana ngati pali nthenda. Inenso ndimayang'ana zomwezo, koma mumtima ndimati: apa ndi pamene pankachokera kuitana kwa agogo, apa ndi pamene pamachokera nthungululu za paukwati.

Mayina a ziwalo zimenezi ndinayamba kuwaloweza kusukulu ya anamwino ya pa Mwami pomwepo. Chipatala cha Mwami chinatsegulidwa ndi a mpingo wa Seventh-day Adventist mu 1927, pamtunda wa makilomita pafupifupi 30 kuchokera ku Chipata, nthawi imeneyo tauniyo ikutchedwa Fort Jameson. Chinatchuka ndi kusamalira odwala khate, nthenda imene ikakula imatha kufika m'kholingo n'kusasitsa mawu a munthu, ndipo pambuyo pake chinatchukanso ndi kuchiza maso. Koma ine ndikakumbukira Mwami, chimene chimayamba kubwera ndi Lachisanu madzulo, dzuwa likulowa, Sabata likuyamba, ophunzira titaima pakhonde la wodi kuimbira odwala popanda choimbira chilichonse. Masana tinkajambula kholingo m'makope, madzulo n'kuligwiritsa ntchito. Ndipo kawirikawiri nkhalamba ina imene sinalankhule tsiku lonse inkalowerera ndi besi ili chigonere pabedi.

Inu amene mukuwerenga, ikani chala kutsogolo kwa khosi lanu, pakatikati, ndipo mumeze malovu. Chimene chakwera n'kutsikanso pansi pa chala chanucho ndilo kholingo. Lili pamwamba penipeni pa njira ya mpweya yopita kumapapo, kutsogolo kwa njira ya chakudya, ndipo limalendewera kukafupa kopindika kamene kali pansi pa lilime. Lokhalo si fupa ayi. Linamangidwa ndi chicherewecherewe, chinthu cholimba koma chopindika chimene chilinso kukhutu ndi kunsonga ya mphuno. Aliyense amene anasendapo mbuzi pa Khirisimasi analigwirapo ndi manja, chifukwa la mbuzi silisiyana kwenikweni ndi lathu. M'kholingo la munthu muli zicherewecherewe 9. Zitatu ndi zazikulu ndipo chilichonse chili chokha. Zotsalazo ndi zazing'ono ndipo zimakhala ziwiriziwiri.

Chachikulu pa zonse madokotala amachitcha thyroid. Ndi mbali ziwiri zafulati zokumana kutsogolo, ndipo zimaima ngati chishango cha wovina ingoma, kutchinga zofewa zonse zimene zili kumbuyo kwake. Mwa mkazi mbalizi zimakumana motambasuka, pa madigiri pafupifupi 120, n'chifukwa chake khosi lake limakhala losalala. Mwa mwamuna zimakumana mosongoka, pa madigiri pafupifupi 90, ndipo pokumanirapo pamatulukira kunja. Kusiyanaku kumayamba mnyamata akamatha msinkhu: chicherewecherewechi chimakulira kutsogolo n'kukoka timinofu ta mawu kuti titalike. Tonse tinaziona m'kwaya ya kutchalitchi. Mnyamata amene chaka chatha ankaima kutsogolo ndi atsikana, chaka chino mawu akumuthawa pakati pa nyimbo, anzake akuseka chamumtima, ndipo chaka chamawa wasamukira kumzere wa kumbuyo kwa abambo.

Pansi pa chimenechi pali china chotchedwa cricoid. Ichi ndi mphete yathunthu, yopyapyala kutsogolo, yaitali kumbuyo, ndipo m'njira yonse ya mpweya ndi chokhacho chimene chimazungulira osadukiza. Ubwino wake ndi wakuti njira ya mpweya siphwafuka pamenepo. Kuopsa kwake ndi kwakuti mpheteyo sitambasuka. Mwa mwana wamng'ono mpata wake ndi wochepa kwambiri, kotero kutupa pang'ono kapena kanthu kakang'ono kolowera kolakwika kamatha kutseka mpweya. Kuno ndaonapo ana akuthamangitsidwa nawo kuchipinda cha opaleshoni chifukwa cha njere imodzi ya nsawa, ndipo nthawi zonse mtima wanga umathamangira kwathu kum'mawa, dziko la nsawa za Chalimbana, kumene mwana wongoyamba kuyenda amakhala pamphasa pakati pa amayi akusenda, akutola n'kumaponya m'kamwa. Pakati pa thyroid ndi mphete imeneyi pali kampata kofewa kamene mungakamve ndi chala. Mpweya ukatsekeka kumtunda ndipo njira zina zonse zakanika, dokotala amaboola pamenepo kuti munthu apume.

Chachitatu ndi epiglottis, chopyapyala ndi chofewa kuposa zinzake, choima kuseri kwa lilime. Tikamameza, kholingo lonse limakwera, timinofu ta mawu timatsekana, mpweya umaima kaye, ndipo epiglottis imagwera kumbuyo n'kuvundikira khomo kuti mbamu ya nsima idutse kupita kwake. Zonsezi zimachitika m'kanthawi kosakwana sekondi imodzi kapena kupitirira pang'ono. Munthu akalankhula kapena kuseka pamene akumeza, khomo lija limatseguka nthawi yolakwika, ndipo amatsamwa. Agogo ankatidzudzula tikamalongolola pambale, ife n'kumaona ngati ndi nkhanza za akuluakulu. Mawu a akulu akoma akagonera. Ntchito yoyamba ya kholingo si kuimba kapena kulankhula, koma kulondera mapapo.

Pamwamba pa mphete ija, chakumbuyo, pamakhala tizicherewecherewe tiwiri totchedwa arytenoid, ndipo pamwamba ndi pambali pake pali tina tinayi tating'onoting'ono, corniculate ndi cuneiform, tolimbitsa m'mphepete mwa khomo. Tiwiri toyambato ndi timene ndimatikonda. Timinofu ta mawu timayambira kuseri kwa chishango chija n'kukamangirika pa tiwiriti. Tikazungulira kunja, timinofuto timatalikirana ndipo munthu amapuma. Tikabwerera mkati, timinofuto timakumana, mpweya wochokera m'mapapo umadzipanikiza kudutsa pakati, ndipo timanjenjemera. Kunjenjemera kumeneko ndiwo mawu. Mwa mwamuna timinofuti timatalika mamilimita 17 mpaka 25 ndipo polankhula timanjenjemera maulendo pafupifupi 120 pa sekondi. Mwa mkazi ndi tatifupi, mamilimita pafupifupi 12 mpaka 17, ndipo timanjenjemera maulendo oposa 200. Mwa mwana timafika cha m'ma 300.

Kuti mawu akwere, kanyama kena kamaweramitsa thyroid kutsogolo pamwamba pa mphete, timinofu ta mawu n'kukungika. Ndikamaona zimenezi pakompyuta ndimamva Mtenguleni Loweruka lomaliza la February, tsiku la Nc'wala, amuna mazanamazana akuponda pansi ndi kufuulira Inkosi ya Makosi Mpezeni kuti "Bayethe!" ndi mawu ochokera pansi pa chifuwa, amayi akuwayankha ndi nthungululu, timinofu titakungika kotheratu, lilime likudula mawuwo mothamanga. Ndimamva Mkaika kumapeto kwa August, pa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi, zilombo za gule wamkulu zikulira ndi mawu aang'ono okwera amene amakuimitsa tsitsi. Zonsezo, kuyambira kubangula kwa Angoni mpaka kulira kwa chilombo, zimadutsa pa timinofu tiwiri tosatalika ngakhale kufika pa mfundo imodzi ya chala.

Chimene chimalamula timinofuti ndi mtsempha wa mauthenga umene umayenda ulendo wodabwitsa. Uthenga umachoka kuubongo, umalambalala kholingo, umatsikira m'chifuwa, ndipo kumanzere umakazungulira pansi pa mtsempha waukulu wa magazi wochoka mumtima, kenaka n'kukweranso kubwerera kukhosi. Sing'anga wakale Galen, zaka zoposa 1,800 zapitazo, anaonetsa anthu ku Rome kuti akamanga mtsempha umenewu pa nkhumba yolira, kulirako kumathera pomwepo. Ndiye chifukwa chake dokotala wochotsa chithokomiro amaufufuza mosamala asanadule kalikonse, ndiponso chifukwa chake mawu osasa nthawi zina gwero lake silikhala pakhosi, koma chotupa cha m'chifuwa chimene chikupanikiza mtsemphawo. Kuona kholingo la munthu wamoyo likugwira ntchito kunayamba mochedwa. Amene amakumbukiridwa pa zimenezi sanali dokotala, koma mphunzitsi wa zoimbaimba wa ku Spain, Manuel García, amene mu 1854 anaika kagalasi kakang'ono kukhosi kwake n'kuona timinofu take pa kuwala kwa dzuwa.

M'wodi mwathu muli anthu amene kholingo lawo linachotsedwa lonse chifukwa cha khansa. Opaleshoni imeneyi anayamba kuichita ndi Theodor Billroth ku Vienna mu 1873, ndipo mpaka lero imapulumutsa miyoyo. Koma mtengo wake ndi waukulu. Munthu amapumira pabowo la pakhosi moyo wake wonse. Mpweya sudutsanso m'mphuno, kotero fungo la ndiwo limamutalikira. Akaseka, mapewa amagwedezeka koma sipamveka kanthu, akalira misozi imangotsika. Ambiri amaphunziranso kulankhula ndi kachipangizo koikidwa pakati pa njira ya mpweya ndi ya chakudya, ena ndi kamakina kogunditsa pakhosi, ndipo ndimasangalala nawo tsiku limene atchula dzina la mkazi wawo koyamba. Komabe mawu amene ana awo ankawadziwa aja sabwereranso. Madzulo, tsiku la opaleshoni lisanafike, ena amapempha kuti ajambule mawu awo pafoni. Ndikawagwirira foniyo ndimakumbukira amalume.

Amalume anga anali mlimi wa fodya wa bale ndiponso woyambitsa nyimbo pa ingoma ya m'mudzi mwathu. Akakweza mawu madzulo, a m'midzi yoyandikana ankadziwa kuti mawa kuli gule. Ankasuta fodya wopichira okha kuyambira ali mnyamata, ndipo pamowa sankasowa. Chaka china, atangomaliza kumanga mabelo, mawu awo anasasa. Anthu anati ndi fumbi la m'chigafa. Mwezi utatha anati ndi chimfine cha nyengo yozizira. Itadutsa miyezi ingapo, kunayamba manong'onong'o akuti wina wansanje wawatsekera mawu. Anamwa mandimu ndi uchi, anatafuna mizu, anatemera mphini pakhosi. Amayi ankawachonderera kuti, "Achimwene, tiyeni tikaonane ndi adokotala, chipatala chili pafupi pompa." Iwo ankayankha monong'ona kuti, "Mlongo wanga, chosapweteka sapita nacho kuchipatala."

Anavomera pamene mpweya unayamba kulira mluzu usiku ndipo nsima inayamba kukana kutsika. Anawanyamula pangolo, ndipo kuchipatala anawatumiza ku Lusaka, ulendo wa makilomita pafupifupi 570 kudutsa pamlatho wa Luangwa. Nthawi imeneyo Cancer Diseases Hospital, imene inatsegulidwa mu 2007, inali isanamangidwe. Nthendayo inali itafalikira kale. Anabwerako ndi kapaipi pakhosi, ndipo munthu amene ankadzutsa midzi ndi mawu ake ankaitana madzi pogogoda kapu ndi supuni. Ine ndinali mwana wa sukulu, ndinkangoyang'ana. Pamaliro awo ingoma inavinidwa, koma woyambitsa nyimbo anali wina, ndipo amayi analira kwambiri pamenepo kuposa kumanda. Palibe amene anajambula mawu awo. Amene tinawamva tikadzatha, adzakhala atatheratu.

Lero ndikudziwa kuti khansa imene imayambira pa timinofu ta mawu ndi imodzi mwa khansa zimene zimadziulula msanga. Kachotupa kakang'ono kwambiri kamakwanira kusokoneza kunjenjemera kuja, mawu n'kusasa, nthenda isanapite kwina kulikonse. Ikapezeka pa nthawi imeneyo, anthu pafupifupi 9 mwa 10 alionse amakhalabe ndi moyo patatha zaka zisanu, ndipo ambiri amachira kholingo lawo lili m'malo. Kuno munthu wa zaka 45 kapena kuposerapo amene mawu ake asasa osachira popanda chifukwa chodziwika amatumizidwa mwachangu kuti akamuunike. Si kusasa kulikonse kumene kuli khansa. Aphunzitsi, alaliki ndi oitanira mabasi amatupa timinofu chifukwa chokuwa, chifuwa chachikulu cha TB chimatha kukwera mpaka m'kholingo, ndipo asidi wa m'mimba wobwerera kukhosi amawotcha. Koma zonsezi zimasiyanitsidwa ndi kuyang'ana, osati kulingalira pakhonde. Fodya ndi mowa, makamaka zikaphatikizana, ndizo zimene zimaitana khansa imeneyi kuposa china chilichonse.

Chidziwitso chomwechi chimandipweteka m'njira ina ndikamaimba foni kumudzi. Zicherewecherewe zazikulu za kholingo zimauma pang'onopang'ono ndi ukalamba mpaka mbali zina zimasanduka fupa. Timinofu ta mawu timawonda, sitikumananso bwinobwino, mpweya umapulumukira pakati. Mawu a mayi wokalamba amatsika, a bambo wokalamba amakwera ndi kupepuka. Amayi akati, "Mwana wanga, kuno tili bwino, usadere nkhawa," ine ndimamva zimene sakunena. Ndimamva kuti apumira pakati pa chiganizo pomwe kale sankapumira, ndimamva kunjenjemera kumapeto kwa dzina langa. Abale amene amakhala nawo tsiku ndi tsiku sakuona kusintha. Ine amene ndili kutali ndikumva ukalamba wawo ukubwera ndi khutu, mwezi ndi mwezi, ndipo sindingathe ngakhale kuwatungira madzi.

Foni nayonso imaba. Foni wamba imanyamula mawu onjenjemera kuyambira maulendo 300 mpaka 3,400 pa sekondi, zapansi pa apo imazitaya. Tsinde la mawu a atate lili pansi pa malire amenewo. Khutu limangodzazira lokha zimene zasowa, n'chifukwa chake ndimawazindikira, koma kulemera kuja kumene ndinkakumva m'nthiti ndikatsamira pachifuwa pawo pa mapemphero a madzulo sikufika ku Leeds. Ndipo inenso ndaona kuti kholingo langa laphunzira kudzichepetsa. Kuntchito ndimalankhula Chingerezi chofewa, chosadzutsa wodwala wa bedi loyandikana. Koma foni ya kwathu ikangolira, mawu amakwera okha, moni amatalika, ndimafunsa za aliyense mpaka ng'ombe, ndipo ndikamaliza pakhosi pamakhala potentha ngati pa munthu amene wagwira ntchito imene anabadwira.

Chotero inu amene muli ku Mwami, ku Chipata, ku Katete ndi tsidya la ku Mchinji, ndili ndi zopempha. Ife amene tili kunja musamangotilembera, tilankhuleni. Tijambulireni kwaya ya pa Sabata, phokoso la pamsika wa Kapata, ngakhale tambala wa m'bandakucha. Agogo akamasimba za makolo, za kumene banja linachokera ndi amene anabala yani, ikani foni pafupi muwajambule, chifukwa zimenezo sizilembedwa pena paliponse. Mwana amene sanakwanitse zaka zisanu musamupatse nsawa zathunthu, muzimusinjira. Ndipo bambo, malume kapena mayi aliyense amene mawu ake asasa kwa milungu yoposa itatu, makamaka ngati amasuta kapena kumwa, musadikire kuti ayambe kumva kupweteka. Akulu anati sunga khosi, mkanda woyera udzavala. Mutengeni mupite naye ku Mwami kapena ku Chipata Central Hospital, ndipo mukapemphe kuti amuyang'ane m'kholingo.